Mmene malamulo ndi makhoti a ku Ireland amagwirira nchito

Ambiri a ife dzina la Ireland tinalimva koyamba ku mishoni. Ansembe a gulu la Capuchin ocokera ku dzikolo anafika ku Livingstone mu 1931, ndipo bishopu woyamba wa Monze, a James Corboy, amene anayamba udindo wao mu 1962, anali mwana wa kumeneko. Masisitere, madokotala ndi aphunzitsi a ku Ireland agwira nchito m'zipatala ndi m'masukulu athu kwa zaka zambiri. Lero ena mwa ana athu ndiwo ali ku Dublin ndi m'mizinda ina ya dzikolo, ena pa nchito, ena pa maphunziro. Koma ngakhale tadya nao nsima anthu amenewa, ndi ocepa mwa ife amene adziwa mmene milandu imaweruzidwira kwao.

Nkhaniyi ili ndi phindu kwa ife kaamba kakuti malamulo ao ndi athu anamera pa tsinde limodzi. Maiko onse awiri analamulidwapo ndi Britain, ndipo onse anatengera malamulo a ku England amene amadalira kwambiri zigamulo za oweruza akale. Koma atalandira ufulu, a ku Ireland anatenga njira yao pa nkhani zimene zimatisowetsa tulo ifenso: mwini malo ndani, mkazi wamasiye atsala ndi ciani, wosauka adzamuimira ndani kukhoti, ndiponso ndani ali ndi mphamvu zosintha malamulo aakulu a dziko.

Tisanapite patali, tidziwe kuti cisumbu ca Ireland cili ndi maboma 32. Maboma 26 ndiwo dziko lodzilamulira lokha limene likulu lake ndi Dublin, ndipo kalembera wa mu 2022 anapeza kuti kuli anthu opitirira pang'ono 5 miliyoni. Maboma 6 a kumpoto, ochedwa Northern Ireland, ali pansi pa United Kingdom ndipo ali ndi makhoti ao. Ife pano tikukamba za maboma 26 aja.

Malamulo a makolo ao

Angerezi asanafike, anthu a ku Ireland anali ndi malamulo a makolo ao, amene anali kusungidwa ndi kumasuliridwa ndi akatswiri ochedwa brehon. Ambiri mwa malamulowa analembedwa m'zaka za m'ma 600 ndi 700. Munthu wa kumudzi kwathu kuno atawamva sangadabwe nao. Sanali kudalira ndende ai. Wolakwa anali kulipira, ndipo malipiro anali kuwerengedwa ndi ng'ombe. Mlandu wa munthu mmodzi unali kugwera banja lonse. Panali malamulo a mipanda, a ng'ombe ndi nkhumba zolowa m'munda wa mnansi, ngakhale a njuci, pakuti anati njuci zako zikamadya maluwa a m'minda ya anzako, anzakowo nao ali ndi gawo lao.

Asilikali ocokera ku Britain anayamba kulowa m'dzikolo mu 1169, ndipo kwa zaka mazana angapo malamulo awiriwa anayendera limodzi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1600, oweruza a mfumu ya ku England anagamula kuti miyambo ya a ku Ireland ya kagawidwe ka malo ilibe mphamvu. Kucokera apo malamulo a makolo anafa. Mu 1801 nyumba ya malamulo ya ku Dublin inali itatsekedwa, ndipo malamulo onse anayamba kucokera ku London.

Pa nkhondo yomenyera ufulu, mu 1920, anthu anakhazikitsa makhoti aoao pofuna kuthawa makhoti a Angerezi. Otsika kwambiri anali makhoti a m'parishi, amene anali kuweruza milandu ing'onoing'ono monga ngongole ndi kuba ziweto. Dziko litapeza boma lakelake mu 1922, makhoti amenewa anathetsedwa, ndipo lamulo la mu 1924 linakhazikitsa makwerero a makhoti amene alipo mpaka lero. Malamulo akale a Angerezi osatsutsana ndi malamulo a dziko latsopano anasungidwa, monga mmene zinacitikira kwathu mu 1964.

Eni malamulo aakulu ndi anthu

Pamwamba pa zonse pali malamulo aakulu a dziko, amene m'cinenero cao amachedwa Bunreacht na hÉireann. Anthu anawavomereza mwa voti pa 1 July 1937, ndipo anayamba kugwira nchito pa 29 December caka comweco. Analembedwa m'zinenero ziwiri, cao ca makolo ndi Cingerezi, ndipo ngati mau a ziwirizi asiyana, khoti limatsata cinenero ca makolo, ngakhale kuti anthu ambiri tsiku ndi tsiku amalankhula Cingerezi.

Cacikulu pa malamulo amenewa ndi ici: palibe liu ngakhale limodzi limene lingasinthidwe popanda referendamu. Aphungu onse atagwirizana, sangathe okha. Ayenera kupita kwa anthu. Kwathu kuno mbali zambiri za malamulo aakulu zimasinthidwa ndi aphungu awiri mwa atatu alionse, ndipo referendamu imafunika makamaka pa cigawo ca ufulu wacibadwidwe, monga ija ya mu August 2016 imene inalephera cifukwa ovota anacepa.

Motero a ku Ireland azolowera kufunsidwa. Mu 1995 anavomereza kuti khoti lizitha kuthetsa ukwati, koma mbali ziwirizo zinasiyana ndi mavoti ongopitirira pang'ono 9,000 m'dziko lonse. Mu 2001 analetseratu cilango ca imfa, cimene nyumba ya malamulo inali itacotsa kale mu 1990. Munthu womaliza kunyongedwa m'dzikolo ananyongedwa mu 1954. Mu 2004 anasintha lamulo la unzika, kotero kuti kuyambira mu 2005 mwana wobadwira ku Ireland sakhala nzika kaamba kongobadwira kumeneko, koma amaona za makolo ake. Amene muli ndi acibale kumeneko sungani mfundo imeneyi. Ndipo anthu samangovomera ciliconse: mu March 2024 boma linabweretsa zosintha ziwiri zokhudza banja, zipani zazikulu zonse zinazicirikiza, koma anthu anazikana zonse.

Mlimi amene anaimitsa boma

Ireland inalowa m'bungwe la maiko a ku Ulaya mu 1973, limene lero ndi European Union. Pa nkhani zimene maikowo anagwirizana kucitira pamodzi, monga malonda, thandizo la alimi ndi kasamalidwe ka madzi ndi nthaka, malamulo a bungwelo amaposa a dziko, ndipo womasulira wake womaliza ndi khoti la ku Luxembourg.

Mu 1986 boma linasaina pangano latsopano ndi maiko anzake a m'bungwelo ndipo linafuna kulitsimikiza popanda kufunsa anthu. Bambo wina dzina lake Raymond Crotty, amene analimapo famu m'boma la Kilkenny asanakhale katswiri wa zacuma, anasuma kukhoti. Mu 1987 khoti lalikulu kopambana linagwirizana naye pa mbali imodzi ya panganolo, nkunena kuti mphamvu za dziko ndi za anthu, ndipo boma silingazipereke kwina popanda cilolezo cao. Referendamu inacitika, anthu anavomereza panganolo, ndipo tinganene kuti a Crotty anagonja pa voti. Koma kucokera pamenepo mapangano aakulu a ku Ulaya amapita kwa anthu. Mu 2001 ndi mu 2008 anthu anakana, ndipo boma linakakamizika kukakambanso ndi anzake lisanabwerere kudzafunsa kaciwiri.

Opanga malamulo

Nyumba ya malamulo imachedwa Oireachtas ndipo ili ndi zipinda ziwiri. Cipinda camphamvu ndi Dáil, momwe muli aphungu 174 kucokera pa masankho a mu 2024. Cina ndi Seanad, ca anthu 60, cimene cingathe kukonza kapena kucedwetsa bilu kwa masiku 90 koma sicingaiphe. Woyendetsa boma ndi nduna yaikulu yochedwa Taoiseach, yosankhidwa ndi Dáil.

Pulezidenti amasankhidwa ndi anthu kwa zaka 7 koma sayendetsa boma. Amene alipo tsopano ndi mai Catherine Connolly, amene analowa mu November 2025. Bilu iliyonse imafuna siginecha yake kuti ikhale lamulo. Akaikayikira, angathe kuitumiza ku khoti lalikulu kopambana kuti likaone ngati sikutsutsana ndi malamulo aakulu. Khoti likati yatsutsana, biluyo yafera pomwepo. Likati ili bwino, palibenso amene angadzaitsutse m'tsogolo pa cifukwa cimeneco. Ndiye cifukwa cake mapulezidenti sathamangira njira imeneyi.

Makwerero a makhoti

Khoti lapansi ndi District Court, limene tingaliyerekeze ndi la majisitileti. Woweruza amakhala mmodzi. Kuno ndiko kumathera milandu yambiri: ya pamseu, ya ndeu zazing'ono, ya ndalama zolerera ana, ya malaisensi. Pa mlandu umodzi silingapereke ndende yoposa miyezi 12, ndipo pa milandu ya ndalama limafika pa ma euro 15,000. Lilinso ndi njira ya madandaulo aang'ono osapitirira ma euro 2,000, imene wogula katundu woipa angatsate yekha popanda loya. Palinso mwambo wakale wakuti pa mlandu wocepa woweruza angauze wolakwa kuti aponye ndalama m'bokosi la osauka la pakhoti m'malo molembedwa m'buku la opalamula. Ena amaudandaula mwambowu ponena kuti umakomera okhala ndi ndalama.

Pamwamba pake pali Circuit Court, imene oweruza ake amazungulira m'matauni a m'cigawo cao. Imamva milandu ya ndalama kufika pa ma euro 75,000, kapena 60,000 ngati ndi ya kuvulala, ndiponso milandu ya malo, ya kutha kwa maukwati ndi milandu ikuluikulu ya upandu monga umbava ndi kuvulaza munthu.

Kenaka pali High Court, imene ilibe malire a ndalama. Ndiyo yoyamba imene ingagamule kuti lamulo lopangidwa ndi aphungu latsutsana ndi malamulo aakulu. Munthu akatsekeredwa popanda cifukwa comveka, aliyense angathe kumudandaulira kwa woweruza wa khotili, ndipo woweruzayo ayenera kufufuza nthawi yomweyo. Ikamamva milandu ya kupha munthu ndi kugwirira, imachedwa Central Criminal Court.

Wosakhutira amacita apilo ku Court of Appeal, imene inakhazikitsidwa mu 2014 anthu atavomereza pa referendamu ya mu 2013, cifukwa milandu inali itaunjikana. Ife yathu inabwera mu 2016. Pamwamba pa onse pali Supreme Court, imene tsopano imasankha milandu yokhayo yokhudza mtundu wonse kapena imene cilungamo cifuna kuti imvedwenso. Mkulu wa oweruza kucokera mu 2021 ndi a Donal O'Donnell, ndipo mai woyamba kukhala pa mpandowu anali a Susan Denham, mu 2011. Khoti lapadera la malamulo aakulu monga lathu kulibe.

Milandu imamvedwa poyera kuti aliyense aone, kupatula ya m'banja ndi ya ana, imene imakambidwa zitseko zili zotseka.

Anthu wamba 12

Apa ndi pamene a ku Ireland asiyana nafe kwambiri. Pa mlandu waukulu wa upandu, wonena kuti munthu walakwa kapena sanalakwe si woweruza ai, koma gulu la anthu wamba 12 lochedwa jury. Maina ao amatengedwa m'kaundula wa ovota. Mlimi, wogulitsa m'sitolo, mphunzitsi wopuma, aliyense wa zaka 18 kupita m'tsogolo amene ndi nzika angaitanidwe, ndipo abwana ake ayenera kumulipirabe masiku amene ali kukhoti. Ansembe ndi abusa ali ndi ufulu wokana akafuna.

Woweruza amawafotokozera lamulo, iwo nkumvetsera mboni, kenaka nkukakambirana paokha. Coyamba amayesa kugwirizana onse. Zikakanika patapita maola awiri kapena kuposa, woweruza angalandire cigamulo ca anthu 10. Akati walakwa, woweruza ndiye amapereka cilango. Maganizo ake ndi omwe aja akuti mutu umodzi susenza denga, ndiponso kuti ufulu wa munthu usakhale m'manja mwa olipidwa ndi boma okhaokha.

Kale m'magulu amenewa munali kukhala eni nyumba ndi eni malo okha, pafupifupi onse amuna. Amai awiri, Máirín de Búrca ndi Mary Anderson, anatsutsa zimenezi, ndipo mu 1975 Supreme Court inagwirizana nao. Lamulo latsopano linabwera mu 1976.

Pali khoti lapadera la upandu lopanda jury, lochedwa Special Criminal Court, momwe mumakhala oweruza atatu. Linatsegulidwa mu 1972 pa nthawi ya zipolowe za ku Northern Ireland, ndipo lero limamvanso milandu ya magulu a zigawenga amene angaopseze anthu wamba. Mabungwe oona za ufulu wa anthu akhala akulidandaula.

Apolisi ndi maloya

Apolisi amachedwa Garda Síochána, kutanthauza alonda a mtendere. Anakhazikitsidwa mu 1922, ndipo ambiri a iwo amayenda opanda mfuti. Iwo amafufuza, koma pa mlandu waukulu wogamula kuti munthu aimbidwe mlandu ndi ofesi ya Director of Public Prosecutions, yokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1974, imene silandira malangizo kwa nduna.

Maloya ali mitundu iwiri, pamene kwathu loya mmodzi amagwira zonse. Woyamba ndi solicitor, amene ali ndi ofesi m'tauni. Ndiye amene mlimi amapitako polemba wilu, pogula malo kapena akalandira samani. Waciwiri ndi barrister, katswiri wolankhula m'makhoti apamwamba, amene kawirikawiri amapatsidwa nchito kupyolera mwa solicitor. Sukulu yao ya King's Inns inayamba mu 1541.

Milandu ndi yodula, ndipo kawirikawiri woluza amalipira ndalama za maloya a mbali zonse ziwiri. Kaamba ka ici, lamulo la mu 2017 limakakamiza loya kuuza munthu wake kuti ayambe waganizira zokambirana pamaso pa mkhalapakati asanasume. Madandaulo a pa nchito amayamba ku Workplace Relations Commission, ndipo wanchito wocokera kunja ali ndi ufulu wopitako monga mwini dziko.

Nanga wosauka?

Mu 1976 Supreme Court inagamula kuti munthu wosauka amene angathe kupita kundende ayenera kuuzidwa kuti ali ndi ufulu wopatsidwa loya wolipidwa ndi boma. Pa milandu ya m'banja, njira inatsegulidwa ndi mai wina wa ku Cork, Josie Airey, amene anafuna kupatukana mwalamulo ndi mwamuna wake koma analibe ndalama za loya. Anadandaula ku khoti la ufulu wa anthu la ku Strasbourg, ndipo mu 1979 khotilo linati ufulu wopita kukhoti ndi wacabe ngati munthu sangathe kuugwiritsa nchito. Caka comweco boma linakhazikitsa Legal Aid Board. Thandizoli lili ndi malire ake ndipo anthu amadikira pamzere, koma khomo linatseguka.

Malo, cuma ca masiye ndi ziweto

M'zaka za m'ma 1800 alimi ambiri a ku Ireland anali kulima malo a eni minda olemera, kulipira lendi, ndi kuthamangitsidwa akalephera. Njala yaikulu imene inayamba mu 1845, mbatata zao zitagwidwa ndi matenda, inapha anthu pafupifupi 1 miliyoni ndipo enanso oculuka comweco anathawa m'dziko. Mu 1879 alimi anapanga bungwe la Land League. Mu 1880, m'boma la Mayo, anthu anagwirizana kuti asamugwirire nchito kapena kumugulitsa kanthu kapitao wa malo dzina lake Charles Boycott, ndipo dzina lakelo linasanduka liu la Cingerezi lotanthauza kunyanyala. Lamulo la mu 1881 linapatsa khoti mphamvu zoika lendi yoyenera, ndipo la mu 1903 linapereka ngongole za boma, zobweza pa zaka zoposa 60, kuti alimi agule minda imene anali kulima. Umo ndi mmene alimi olipira lendi anasandukira eni malo.

Lero malo ambiri ali m'kaundula wa boma ndi dzina la mwini wake. Kulibe malo a mafumu monga kwathu. Koma mwini malo asagone: munthu wina akakhala pa malo ako poyera kwa zaka 12, popanda cilolezo cako ndipo iwe osacitapo kanthu, angathe kupempha kuti alembedwe m'dzina lake.

Pa cuma ca masiye, lamulo la mu 1965 ndilo limalamulira. Munthu akamwalira wopanda wilu nkusiya mkazi kapena mwamuna ndi ana, wamasiyeyo amatenga magawo awiri mwa atatu, ana nkugawana gawo lotsalalo. Ngati palibe ana, wamasiye amatenga zonse. Makolo, abale ndi alongo a womwalira salandira kanthu pamene pali mkazi, mwamuna kapena ana. Ngakhale wilu ilipo, singamumane wamasiye: ali ndi ufulu wotenga gawo limodzi mwa atatu ngati pali ana, kapena theka ngati palibe, ndipo angasankhe kuti nyumba imene akukhalamo ikhale mbali ya gawo lakelo. Lamuloli linadza cifukwa amuna ena anali kusiyira famu yonse mwana mmodzi kapena mphwao, mkazi nkutsala ngati mlendo m'nyumba yakeyake. Mwana amene aona kuti kholo silinamuganizire moyenera mu wilu angathe kudandaula kukhoti, ndipo kucokera pa lamulo la mu 1987 mwana wobadwa kunja kwa ukwati ali ndi gawo lofanana ndi anzake.

Tiyerekeze ndi lamulo lathu la mu 1989, limene limapatsa wamasiye 20 peresenti, ana 50, makolo 20 ndi ena odalira womwalirayo 10, ndipo silikhudza malo a mafumu. Lathu linaganizira banja lalikulu monga mwa cikhalidwe cathu. Lao linaika mtima pa mkazi ndi ana. Onse awiri analembedwa pofuna kuletsa cinthu cimodzi, kulanda cuma ca masiye.

Palinso lamulo la mu 1976 lonena kuti mwamuna kapena mkazi sangagulitse kapena kupinyolitsa nyumba ya banja popanda cilolezo colembedwa ca mnzake, ngakhale nyumbayo ili m'dzina la mmodzi. Wilu iyenera kulembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo mboni kapena mkazi wake sangalandire kanthu mu wiluyo.

Za ziweto nazo zilipo. Kucokera mu 1985, ng'ombe zako zikalowa mumseu cifukwa sunasamale mpanda nkucititsa ngozi, mlandu ndi wako. Lamulo la mu 1986 limati galu akapha kapena kuvulaza nkhosa za mnansi, mwini galu alipire, ngakhale galuyo sanacitepo zotero kale.

Mpingo ndi boma

Malamulo aakulu a mu 1937 amayamba ndi kuchula Utatu Woyera, ndipo poyamba anali kupatsa Mpingo wa Katolika malo apadera. Mu 1972 anthu anavota kucotsa ndime imeneyo. Boma sililoledwa kukhala ndi mpingo wakewake kapena kusankha anthu kaamba ka cipembedzo. Malamulo a mpingo amagwira nchito mumpingo basi. Ukwati wa m'chalichi boma limauzindikira ngati awiriwo anapereka cidziwitso ca miyezi itatu kwa wolembetsa maukwati, ndipo onse akwanitsa zaka 18. Khoti la mpingo likati ukwati sunalipo, kwa boma awiriwo akali pa banja kufikira khoti la dziko litagamula.

Pali mbali yowawa imene sitingaibise. Mu 2009 makomishoni awiri otsogozedwa ndi oweruza, a Seán Ryan ndi mai Yvonne Murphy, anatulutsa malipoti oonetsa kuti ana ambiri anazunzidwa m'malo osungira ana oyendetsedwa ndi magulu a mpingo ndiponso m'dayosizi ya Dublin, ndi kuti akuluakulu ena a mpingo ndi a boma anabisa nkhanizo. Mu 2012 kunabwera lamulo lakuti kubisira apolisi mlandu waukulu wocitira mwana ndi mlandu paokha. Papa Francisko atacezera dzikolo mu 2018 anapempha cikhululukiro poyera. Phunziro lake ndi la mpingo uliwonse, sukulu iliyonse ndi banja lililonse: mlandu wa mwana sukambidwa kuseri kwa nyumba.

Ufulu wa oweruza

Oweruza amasankhidwa ndi boma nkuikidwa ndi Pulezidenti, koma kucokera mu January 2025 boma liyenera kusankha pa maina operekedwa ndi komishoni yapadera. Amapuma pa zaka 70. Woweruza sangacotsedwe pokhapokha zipinda zonse ziwiri za nyumba ya malamulo zitavota kuti walakwa kapena sangathenso nchito, ndipo kucokera mu 1937 palibe amene anacotsedwa mwa njira imeneyi.

Mbiri yathu ili ndi munthu amene anakulira m'maphunziro amenewa. A James Skinner anabadwira ku Clonmel mu 1923, anaphunzira za malamulo ku Dublin, ndipo anabwera kuno mu 1951. Analowa UNIP mu 1960, pamene azungu ocita zotero anali owerengeka, ndipo pambuyo pa ufulu anakhala loya wamkulu wa boma. Mu 1969 anakhala mkulu wa oweruza wa Zambia. Caka comweco woweruza wina wa High Court anamasula asilikali awiri a Cipwitikizi amene anagwidwa atalowa m'dziko lino, ndipo Pulezidenti Kaunda anafuna kuti afotokozeredwe cifukwa cake. A Skinner anaima ndi woweruza wao. Acinyamata anacita cipolowe pa khoti ku Lusaka, ndipo a Skinner anatula pansi udindo. Kucokera mu 1970 mpaka 1985 anali mkulu wa oweruza ku Malawi.

Sitikunena kuti ku Ireland zonse zili bwino. Milandu imacedwa, maloya ndi odula, ndipo mu 2023 boma linacita kuonjezera oweruza kaamba ka kuculuka kwa nchito. Koma tikaona bwino, zambiri zimene tafotokozazi sizinagwe kucokera kumwamba. Alimi olipira lendi anagwirizana, mai wosauka wa ku Cork anakana kukhala cete, amai awiri anafunsa cifukwa cake anzao sakhala pa jury, ndipo mlimi wa ku Kilkenny anaimitsa boma lonse.

Tsono ife, pa misonkhano ya m'miphakati ndi m'makopaletivu athu, tingayambe ndi zimene zili pafupi. Tifunsane kuti ndi angati mwa ife alemba wilu, ndi angati adziwa gawo limene lamulo la mu 1989 limapatsa mkazi wamasiye, ndi angati ali ndi pepala lililonse losonyeza malire a munda wao. Amene muli ndi ana ku Ireland, auzeni kuti asasaine pepala la nyumba kapena la nchito asanalimvetse, ndipo akalandira kalata ya khoti asaibise m'sutukesi. Akulu anati mlandu suola, ndipo mau amenewa ndi oona ku Chipata ndi ku Dublin komwe.